ULENDO WA KU TREDEGAR, KUMENE ANTHU A M'MIGODI ANASONKHERANA ZA CIPATALA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Caka catha, pa nyengo yokolola, amai anga aang'ono anadwala cibayo kumudzi kwathu. Anawanyamula usiku pa ngolo ya ng'ombe kupita nao ku kiliniki, ndipo kumeneko sanawalipiritse ngakhale ngwee imodzi, pakuti lamulo la dziko lathu litero. Koma mankhwala amene anafunika anali atatha. Anawalembera kapepala kuti akagule ku sitolo ya mankhwala ku boma, ndipo pofika tsiku limene anacira, mbuzi ziwiri zinali zitacoka m'khola, ina ya mwini galimoto, ina ya mwini sitolo. Amuna ao, atate anga aang'ono, pondisimbira nkhaniyi anaseka nati, "Mwananga, cipatala ncaulele ndithu, koma mbuzi zanga sizidziwa zimenezo."

Mau amenewa anali akali m'mutu mwanga pamene ndinapeza mwai wopita ku Britain pa ulendo wa nchito. Ambiri a inu awerengi munamva kuti m'dziko limenelo munthu aliyense, wolemera kapena wosauka, aonana ndi dotolo, agonekedwa m'cipatala, ngakhale kucitidwa opaleshoni kumene, osaturutsa ndalama pakhomo. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti mwambo umenewu uli ndi mizu yace m'katauni ka anthu okumba malasha ndi osungunula citsulo kochedwa Tredegar, m'mapiri a dziko la Wales. Tsono tsiku lina lopuma, anzanga atapita kukaona nyumba ya mfumu mu London, ine ndinakwera sitima kulinga kumadzulo kuti ndikaone ndi maso anga.

NJIRA YA KU MAPIRI

Kucokera pa siteshoni ya Paddington, sitima itenga maora ngati awiri kufika ku Cardiff, likulu la Wales. Apo munthu asintha nakwera kasitima kena kamene kakwera cigwa pang'ono pang'ono kwa ora limodzi mpaka ku Ebbw Vale, kumene njanji ithera. Ku Tredegar sikufika sitima ya anthu masiku ano, cotero ulendo wotsala ndi wa basi, kudumpha phiri limodzi. Zikwangwani za m'njira zalembedwa m'zinenero ziwiri, Cingelezi ndi cinenero cao ca Welsh, cimene acisunga mwansanje monga ife tisungira Cinyanja. Liu loyamba limene ndinaphunzira ndilo "ysbyty", kutanthauza cipatala.

Dziko lace ndi la zigwa zopapatiza ndi mapiri opanda mitengo pamwamba, odzala ndi nkhosa. Nyumba za anthu zagundana m'mizere yaitali, khoma limodzi kugawana mabanja awiri, monga nyumba za m'makomboni a ku migodi kwathu. Migodi ya malasha inatsekedwa kale, ndipo fakitale yaikuru ya citsulo ya ku Ebbw Vale inaleka nchito mu 2002. Amene anaona Kabwe mgodi utatsekedwa mu 1994 sangavutike kuzindikira nkhope ya tauni yotere: masitolo ena otseka, okalamba ambiri m'miseu, acinyamata atapita kukafuna nchito kwina.

Tredegar ali ndi anthu pafupifupi 15,000 cabe. Pakati pa tauni pali bwalo lozungulira lochedwa The Circle, ndipo pakati pa bwalolo paima wochi yaikuru pa mzati wacitsulo, yotalika mamita 22, imene inaimikidwa mu 1858. Alendo ambiri ajambula wochiyo nacoka. Koma ine cimene ndinadzera ndi nyumba ina yosaoneka bwanji m'mbali mwa bwalolo, ya nambala 10. M'menemo ndimo munali maofesi a bungwe la Tredegar Workmen's Medical Aid Society, ndilo bungwe la anchito lothandizana pa matenda.

MANDA A PAYEKHA

Tisanalowe m'nkhani ya bungweli, nkoyenera kuti tiyambe takwera phiri la Cefn Golau, kumadzulo kwa tauni, pakuti kumeneko ndiko munthu amvetsa cimene cinawawa anthu awa. Ndinakwera wapansi, mphepo yozizira irikundimenya kumaso. Pamwamba pali manda, ndipo patali pang'ono ndi manda a anthu onse pali kamanda kena kapayekha, ka miyala yocepa yopendekeka, nkhosa zirikudya udzu pambali pace. Awa ndi manda a anthu amene anafa ndi kolera m'miliri ya 1832, 1849 ndi 1866. Anthu anaopa nthendayo kotero kuti anakana kuika mitemboyo pamodzi ndi abale ao ena.

Nditaima pamenepo ndinakumbukira za kwathu. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lathu, bwalo la mpira la National Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu January 2024. Anthu a ku Tredegar a masiku aja anali ngati ife: madzi akumwa oipa, zimbudzi zosakwanira, mabanja akuru m'tinyumba tating'ono. Kuonjezera apo mwamuna analowa pansi pa nthaka m'mawa osadziwa ngati adzaturuka ndi miyendo yonse iwiri. Akapweteka, malipiro anaima tsiku lomwelo, ndipo dotolo anafuna ndalama zace. Nthenda imodzi inali yokwanira kugwetsa banja lonse mu umphawi.

TIKI PA PAUNDI

Poona izi anchitowo anagwirizana za kusonkherana. Timabungwe tao tating'ono tinaphatikizana mu 1890 nkupanga bungwe limodzi. Njira yace inali yapafupi: pa paundi iriyonse ya malipiro anadulapo makobiri awiri kapena atatu, ndiye tiki ija imene agogo athu aikumbukira, ndalama ya kwacha isanabwere mu 1968. Paundi inali ndi makobiri 240, cotero munthu anapereka ngati gao limodzi pa magao 100 a malipiro ace. Wolandira zambiri anapereka zambiri, wolandira zocepa anapereka zocepa, koma akadwala onse anaonedwa ndi dotolo mmodzimodzi. Pambuyo pace anatsegula khomo kwa a masitolo, aphunzitsi ndi ena osagwira nchito m'migodi, amene anapereka ndalama yao pa caka.

Ndi timakobiri timeneti bungwe linalemba nchito madotolo, ocotsa mano, opereka mankhwala ndi namwino. Linapatsa anthu magalasi a maso, mano oikirira ndi miyendo yopanga kwa oduka miyendo. Wofunika dotolo wamkuru ku Cardiff kapena kwina anatumizidwa, bungwe nkulipira ngakhale ulendo wace. Ici cinandikhudza mtima, pokumbukira mbuzi ija inapita kwa mwini galimoto. Cipatala ca tauni cinatsegulidwa mu 1904, pafupi ndi munda wa Bedwellty kumene kufikira lero kuli cimwala ca malasha colemera matani 15, cimene cinakumbidwa kuti cikaonetsedwe ku cionetsero ca mu London mu 1851. Pansi pa mlembi wace Walter Conway, amene anatumikira kuyambira 1915 kufikira imfa yace mu 1933, bungweli linakula mpaka kusamalira anthu 95 pa anthu 100 alionse a m'taunimo.

Cina cacikuru ndi ici: thumba limeneli linayang'aniridwa ndi eni ace. Komiti inasankhidwa ndi anchito okha okha, ndipo ndiyo inalemba madotolo, kumva madandaulo a odwala ndi kuwerengera ndalama. Madotolo ena sanakondwere kulamulidwa ndi anthu a manja akuda ndi malasha. Mmodzi wa madotolo amene anagwira nchito m'bungweli, A. J. Cronin, analemba buku lochuka lochedwa The Citadel mu 1937, limene linaonetsa poyera zoipa za udotolo wotsata ndalama, ndipo linawerengedwa m'dziko lonse.

MNYAMATA WACIBWIBWI

M'tauni yomweyi, mu mseu wa Charles Street, munabadwa Aneurin Bevan pa 15 November 1897. Anali mwana wa wokumba malasha, anali wacibwibwi, ndipo analeka sukulu ali ndi zaka 13. Posacedwa analowa nayenso mu mgodi. Anadziphunzitsa yekha powerenga mabuku a m'laibulale ya anchito, nagonjetsa cibwibwi cace polankhula mokweza ali yekha pamapiri. Mu 1925 atate ace anafa ndi nthenda ya fumbi la malasha m'mapapo, nthenda yofanana ndi imene inadya amuna ambiri a kwathu obwerera ku migodi. Bevan anakhala khansala wa tauni, anakhalanso m'komiti ya cipatala ca Tredegar, ndipo mu 1929 anasankhidwa phungu wa Ebbw Vale ku Nyumba ya Malamulo.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, cipani ca Labour cinapambana masankho, ndipo mwana wa mu mgodi uja anapatsidwa unduna wa za umoyo. Tisaganize kuti Britain anali wolemera pa nthawiyo ai. Mizinda inali yophwanyika ndi mabomba, Boma linali m'ngongole yaikuru, ndipo ngakhale buledi anagulidwa mocita kupima. Ambiri anati dziko liyambe lapeza cuma, za cipatala zidzabwera pambuyo. Bevan anakana kudikira. Lamulo linavomerezedwa mu 1946, ndipo pa 5 July 1948 inayamba National Health Service, imene onse aichula mwacidule kuti NHS.

Apa pali mfundo imene ifunika kuimvetsa bwino. Bevan anatenga mtima wa bungwe la kwao, wakuti onse asonkhe ali bwino ndipo wodwala asalipire pakhomo, koma njira yodula pa malipiro sanaitenge. Anaona kuti thumba lodalira malipiro lisiya kunja iwo amene alibe malipiro, monga mai wa pakhomo, nkhalamba, ndi munthu amene nchito yamuthera. Cotero anakonza kuti ndalama zambiri zicokere ku misonkho ya dziko lonse, ndipo zipatala zikhale m'manja mwa Boma. Munthu safunsidwa khadi losonyeza kuti anasonkha. Kukhala m'dzikomo nkokwanira.

Mkangano unali woopsa. Bungwe la madotolo la British Medical Association linakana kwa mtu wa galu, poopa kusanduka anchito a Boma. Bevan anawagonjera pa zina: madotolo akuru anawapatsa malipiro abwino nawalola kuonanso odwala olipira okha pambali, ndipo madotolo a m'makiliniki anakhalabe odziimira paokha, Boma nkumawalipira monga mwa ciwerengero ca anthu olembedwa kwa iwo. Makomo atatseguka, anthu anakhamukira kukatenga magalasi ndi mano zimene anazisowa zaka zambiri, ndipo ndalama zinapita zoposa zimene zinayembekezedwa. Mu 1951 Boma, pofuna ndalama za zida za nkhondo, linaika malipiro pa magalasi ndi mano oikirira. Bevan anatula pansi unduna wace cifukwa ca ici. Caka cotsatira, 1952, anaikanso sheleni imodzi pa kalata ya mankhwala.

MLONGO WA KWATHU PA BASI

Madzulo, ndiri pa basi yobwerera ku Ebbw Vale, ndinamva mau a Cinyanja kumbuyo kwanga. Anali mai wina alikulankhula pa foni za feteleza. Atatsiriza ndinatembenuka nkupereka moni, ndipo anadzidzimuka naseka kwambiri. Anali namwino wa kwathu ku Cigao ca Kum'mawa, amene anaphunzira nchito yace m'Zambia ndipo tsopano agwira m'cipatala cina m'zigwa zomwezi. Ndinawafunsa ngati zimene timva za kuno nzoona.

Iwo anati, "Alongo anga, nzoona. Cifikire kuno sindinaonepo munthu alikugulitsa katundu kuti m'bale wace agonekedwe. Koma musakanene kumudzi kuti kuno kulibe mabvuto. Munthu wa nthenda ya bondo adikira caka cathunthu kuti acitidwe opaleshoni, ndipo ife anamwino titopa koopsa pakuti ndife ocepa."

Zimene ananenazi zigwirizana ndi ziwerengero. Mu 2023 mndandanda wa odikira opaleshoni ndi cithandizo cina ku England unapitirira 7 miliyoni. Mu December 2022 anamwino ananyanyala nchito pa nkhani ya malipiro. Anthu tsopano akhala ndi moyo nthawi yaitali, ndipo ukalamba ubwera ndi matenda a shuga, a mtima ndi khansa, amene adya ndalama zambiri. Pa za mankhwala zigao za dzikoli zasiyana: Wales anacotsa malipiro a kalata ya mankhwala mu 2007, Scotland mu 2011, koma ku England mtengo wace unafika £9.90 pa mtundu umodzi wa mankhwala mu 2024, ngakhale ana, okalamba ndi osauka salipira.

Ndinayang'ana mlongoyo ndi mitima iwiri. Mu 2023 pafupifupi mmodzi pa anchito asanu alionse a NHS ku England anali nzika ya dziko lina. Caka comweco bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linaika Zambia pa mndandanda wa maiko amene anchito a za umoyo ndi ocepa koposa. Sindingawaweruze, pakuti ndalama zimene atumiza ndizo zigula feteleza uja ndi kuphunzitsa ana a abale ao. Koma coona ncakuti manja amene anaphunzitsidwa ndi misonkho yathu alikucirikiza cipatala ca eni ace.

Ndisanatsike anandiuzanso kuti mkangano wa masiku a Bevan sunathe. Pa wailesi ndi m'manyuzi ena anena kuti Britain atengere njira ya Germany, pamene ena acenjeza kuti kukhudza NHS ndiko kutsegula khomo la njira ya America. Tiyeni tsono tizione njira ziwirizi.

NJIRA ZA MAIKO ENA

Njira ya Germany ndi yakale kuposa ya Britain, pakuti inayamba ndi lamulo la Otto von Bismarck mu 1883. Iyo ndiyo ifanana kwambiri ndi bungwe la Tredegar lija. Wanchito ndi womlemba nchito agawana pakati copereka ca magao 14.6 pa 100 a malipiro, ndi kena koonjezera pamwamba, ndipo ndalamazo zipita ku matumba a odwala amene sacita malonda ofuna phindu. Lamulo likakamiza aliyense kukhala ndi inshuwalansi, ana ndi mkazi kapena mwamuna wosagwira nchito alowa pa dzina la wosonkhayo, ndipo Boma lithandiza osowa nchito. Anthu ngati 9 pa 10 ali m'matumba amenewa. Kudikira opaleshoni nkocepa kuposa ku Britain, koma ndalama zodulidwa nzambiri, ndipo njirayi iyenda cifukwa pafupifupi wanchito aliyense ali ndi malipiro olembedwa m'buku.

Ku America ambiri apeza inshuwalansi kupyolera mwa owalemba nchito, kucokera ku makampani ocita malonda. Boma lisamalira okalamba ndi osauka ena mwa makonzedwe a Medicare ndi Medicaid, amene anayamba mu 1965. Lamulo la Affordable Care Act, limene Pulezidenti Barack Obama anasaina mu 2010 patapita mkangano waukuru, linaletsa makampani kukana munthu cifukwa cakuti ali kale ndi nthenda, ndipo linalowetsa anthu mamiliyoni ambiri. Komabe mu 2023 anthu ngati 26 miliyoni analibe inshuwalansi iriyonse. Codabwitsa ncakuti m'caka cimeneco America anaononga pa za umoyo magao oposa 17 pa 100 a cuma cace conse, pamene Britain anaononga ngati 11 nasamalira aliyense. Apa tiphunzira kuti kucuruka kwa ndalama pakokha sikuciritsa mtundu.

Koma maiko atatuwa ndi a anthu a malipiro a pamwezi. Nanga dziko la alimi, amene aona ndalama kamodzi pa caka akagulitsa cimanga, nshawa, thonje kapena fodya, licite bwanji? Maiko awiri ayesa kuyankha.

Rwanda anayamba kuyesa matumba a m'midzi ochedwa Mutuelle de Santé mu 1999. Mwa makonzedwe a mu 2011, munthu wamba anapereka mafranki 3,000 pa caka, wopeza bwino 7,000, ndipo osaukitsitsa anawalipirira ndi Boma. Atsogoleri a m'midzi alimbikitsa banja liri lonse kulowa, ndipo pofika 2020 anthu oposa 8 pa 10 anali ndi inshuwalansi. Ngakhale ziri tero, zopereka za alimi pazokha sizikwanira. Boma ndi maiko othandiza aonjezerapo zambiri.

Thailand anayamba wayesa makhadi ogula mwa kufuna kwa munthu, koma ambiri ogula anali odwala kale, ndipo thumba la odwala okha okha silicedwa kuuma. Tsono mu 2002 anafalitsa m'dziko lonse makonzedwe olipiridwa ndi misonkho, wodwala nkumapereka ndalama yocepa ya 30 baht pa ulendo umodzi. Izi zinatheka cifukwa zaka zambiri m'mbuyomo anali atamanga zipatala m'maboma a kumidzi, nakakamiza madotolo atsopano kuyamba atumikira kumidziko. Khadi liribe nchito ngati cipatala ciri kutali kapena mulibe munthu wokuona.

NANGA IFE?

Dziko lathu layenda kale m'njira zingapo mwa izi. Titalandira ufulu mu 1964, Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linapereka cithandizo ca cipatala kwaulele, lomwe linalipiridwa ndi cuma ca mkuwa. Makiliniki anamangidwa m'midzi, ndege za madotolo zinayamba kuuluka mu 1965, ndipo zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete, Mwami, Nyanje ndi Minga zinagwira nchito pamodzi ndi Boma. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, mankhwala anayamba kusowa. Mu 1993 kunabwera malipiro a pakhomo, ndipo osauka ambiri analeka kupita ku cipatala kufikira nthenda itakula. Mu 2006 Boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linacotsa malipirowo m'maboma a kumidzi, ndipo mu 2012, pansi pa Pulezidenti Michael Sata, anacotsedwa m'makiliniki onse a dziko.

Pambuyo pace lamulo la mu 2018 linakhazikitsa bungwe la inshuwalansi ya za umoyo la NHIMA, ndipo kudula kunayamba mu October 2019: gao limodzi pa 100 kwa wanchito, ndi limodzi kwa womlemba nchito. Taonani, ndiyo tiki ya ku Tredegar yomwe ija. Cotero lero tiri ndi njira ziwiri pamodzi, ya misonkho m'makiliniki ndi ya kudula pa malipiro m'zipatala zina. Ogwira nchito zao zao aloledwa kulembetsa, koma alimi ambiri sanalowe, ndipo bvuto limene Bevan analiona liri pakati pathu: wa malipiro ali ndi khadi, wa khasu alibe. Zabwino zacitika ndithu, monga kulembedwa kwa anchito a za umoyo oposa 11,000 mu 2022. Koma gao lalikuru la mankhwala a AIDS, malungo ndi cifuwa cacikuru lakhala likucokera kwa maiko othandiza, ndipo mu May 2025 America analengeza kudula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa caka, ponena za kubedwa kwa mankhwala m'zipatala. Nkhokwe ya mwini siidalirika, ndipo yako yomwe ikabooka pansi sudzaidzaza.

MIYALA INAI

Ndinatsika basi pa phiri la Waun-y-Pound, pakati pa Tredegar ndi Ebbw Vale, kumene Bevan anali kulankhula kwa makamu a anthu pabwalo. Anamwalira pa 6 July 1960, ndipo pamalopo anaimikapo miyala inai ikuruikuru yosasema bwino. Waukuru wa pakati uimira iye, ndipo itatu yozungulira iimira matauni amene anamtuma ku Nyumba ya Malamulo, Tredegar, Ebbw Vale ndi Rhymney. Palibe mpanda kapena mlonda. Ndinakhala pa udzu kufikira kuzizira kunandithamangitsa.

Cimene ndinabwera naco kucokera kumeneko ndi ici, awerengi. Cipatala caulele kulibe pa dziko lonse lapansi. Dotolo adya, mankhwala agulidwa, ambulansi imwa mafuta. Kusiyana kuli pa nthawi ndi njira yolipirira: kapena tilipira tonse pamodzi tikali bwino, yense monga mwa mphamvu zace, kapena munthu alipira yekha pa tsiku la tsoka, pogulitsa mbuzi pa mtengo wa wogula. Maiko amene apambana, angakhale atsata misonkho kapena matumba, agwirizana pa zinthu zitatu. Onse alowa, amphamvu ndi odwala omwe. Osauka alipiriridwa ndi anzao kupyolera m'Boma. Ndipo thumba liri ndi maso oliyang'anira.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Pamudzi pakagwa maliro, palibe banja limene lisiyidwa lokha: uyu abwera ndi ufa, uyu nkhuni, uyu nkhuku, anyamata akumba manda, ndipo ndalama zilembedwa m'buku nkuwerengedwa pamaso pa onse. Amai athu adziwa kuyendetsa cilimba caka ndi caka osasowa ngwee. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Anthu a ku Tredegar anangotenga mwambo wotere nkuufulumiza, kuti thandizo lifike munthu akali moyo.

Tsono pamene nkhani ya kukonzanso za umoyo ikambidwa m'dziko lathu, mlimi asakhale cete ngati kuti ndi nkhani ya a m'tauni. Mlimi asonkha kale msonkho pogula sopo, malata ndi mafuta a galimoto imene akwera. Pa msonkhano wa komiti ya za umoyo ya m'dera lanu, funsani kuti mankhwala anabwera liti, anali angati, ndipo anatha bwanji. Aphungu ndi makhansala akabwera, afunseni ngati mlimi angaloledwe kupereka gao lace kamodzi pa caka atagulitsa mbeu, ndani alipirira nkhalamba ndi amasiye, ndiponso ngati ulendo wa wodwala wotumizidwa ku cipatala cacikuru uli m'ciwerengero. Anthu amene anayambitsa bungwe la pa nambala 10 sanali ophunzira kutiposa ife. Ambiri analeka sukulu ali ana.

Nditabwerera kumudzi ndinawasimbira atate anga aang'ono zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa funso limodzi lokha, lakuti ndani adzasunga buku la ndalamazo ndipo lidzawerengedwa kangati pa caka. Funso limeneli ndalipereka kwa inu. Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, lemberani kalata kwa Mkonzi, ndipo tidzasindikiza mayankho anu.